Fumbi la ku Halale lidawatsata agogo mpaka ku Bowe

Agogo anga aamuna adabwerera ku Bowe kuchokera ku Halale ndi njinga, wailesi ndi jekete lalikulu. Sitinkadziwa kuti m'chifuwa mwawo adanyamulanso fumbi la asibesito la mumgodi womwe ankagwirako ntchito. Patatha zaka zoposa 30 adayamba befu, nthiti kuwawa, madzi kudzadza m'chifuwa. Tonse tinkati ndi TB. Pomwe adokotala ankatchula dzina loti mesothelioma, n'kuti madzi atafika kale m'khosi.

Iyi ndi khansa ya kachikopa kopyapyala komwe kamakuta mapapo. Tiulusi ta asibesito tikalowa, thupi limalephera kutitulutsa, ndipo matendawa amabisala zaka 20 mpaka 50. Mu 1960, dokotala J.C. Wagner ndi anzake adaonetsa ku South Africa kuti gwero lake ndi asibesito, koma dzikolo lidauletsa mu 2008. Tangowerengani zakazo. Ku Zimbabwe, Amalawi ambiri adakumba mwala womwewu ku Zvishavane ndi Mashava.

Ndiye nkhani ya mankhwala ili pati? Selo ya khansa kuti igawikane imafuna mapuloteni atsopano nthawi zonse, ngati chigayo chosazima usana ndi usiku. Mu 2021, asayansi a ku Britain adalemba m'magazini ya Nature Communications kuti m'maselo a mesothelioma chigayochi chimathamanga mopitirira muyeso. Atatseka switchi yake ina, yotchedwa mTOR, chotupa chidachepa liwiro mu mbewa za mu labu. Inde, mbewa, koma osati zowamba zija za pamsewu wa M1.

Musathamangire kuponya pa WhatsApp kuti mankhwala apezeka. Munthu si mbewa, ndipo maselo abwinobwino nawonso amafuna mapuloteni. Kudalinso mankhwala ena, ranpirnase, ochokera m'mazira a chule, omwe amasokoneza kupanga mapuloteni. Atawayesa pa odwala ambiri, zotsatira zake zidakhumudwitsa. Pakalipano madokotala amadalira pemetrexed ndi cisplatin, komanso nivolumab ndi ipilimumab omwe America idavomereza mu 2020. Onsewa amangowonjezera miyezi, ndipo awiri omalizawo mtengo wake si wa mlimi wa fodya.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti palibe adawafunsa agogo kuti, "Munkagwira ntchito yanji?" Ngakhale ife azukulu awo. Ngati kwanu kuli mkulu yemwe adakhalako kumigodi ndipo chifuwa sichikumva mankhwala a TB, awuzeni adokotala mbiri imeneyo.

Sabata yatha ndili kumudzi ndidapeza mphwanga akudula ndi sowo denga lakale la asibesito lomwe adatola kwinakwake, ati amangire khola la nkhunda. Fumbi loyera linali mbuu m'tsitsi mwake. Ndidamulanda sowoyo, ndipo mpaka lero sakuyankha mameseji anga.