Amisiri Odula Kanema ndi Kukonza Mawu ku Mulanje

Pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, aliyense amaona mnyamata wonyamula kamera. Ntchito yeniyeni imayamba anthu atabalalika, m'kachipinda ka pa Chitakale kapena pa Limbuli, maso ali pa kompyuta. Kawirikawiri munthu wake ndi yemweyo: masana kujambula, usiku kudula ndi kulumikiza.

Zojambula za tsiku lonse amazipanikiza kuti zikwane maola awiri. Amataya pamene kamera inagwedezeka, koma asayerekeze kudula amalume akufupa pa perekaniperekani, eni ukwati sangamumalizire ndalama zake. Ena amagwiritsa ntchito Adobe Premiere Pro, ena CapCut pafoni. Magetsi akathima asanasunge, thukuta la usiku wonse lapita pachabe.

Pogona nkhani ndi pa mawu. Chithunzi chikada pang'ono anthu amapirira, koma malumbiro a mkwati akapanda kumveka, kanemayo waonongeka. Mulanje ndi dera la mvula yambiri, ndipo ikamagwa padenga la malata imameza ulaliki wonse. Mphepo ya chiperoni imalira m'maikolofoni, ng'oma za tchopa nazo zimang'amba mawu ukaziyandikira kwambiri. Odziwa ntchito amaveka maikolofoni chophimba chaubweya, n'kujambula mawu pa kachipangizo kapadera. Amaombanso m'manja kamodzi patsogolo pa kamera kuti pokonza, milomo ndi mawu ziyendere limodzi.

Nzeru zoterezi munthu amazitola pokhala pambali pa mkhalakale, ndipo akhalakale m'dziko muno alipo. Shemu Joyah, yemwe ntchito yake ina ndi yoyeza malo, anapanga Seasons of a Life, kenako The Last Fishing Boat, imene inapata mphoto ya nyimbo za m'filimu pa Africa Movie Academy Awards mu 2013. Joyce Mhango Chavula anapambana ku Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe.

Mnyamata wa ku Muloza kuti akaphunzire kwa otere, pafunika ya minibasi ndi malo ogona mumzinda. Bungwe la Film Association of Malawi likadachita bwino kubweretsa maphunziro a masiku ochepa pa boma, aliyense n'kubwera ndi zojambula zake kuti katswiri amuonetse podula ndi posiya.