Thomas Baines, Mmisiri wa Zithunzi Amene Anatsala ku Tete

Kuseri kwa mapiri a Dzalanyama, amene anthu a ku Namitete ndi ku Mpingu amawaona chakumwera kunja kukayera bwino, kuli chigawo cha Tete cha dziko la Mozambique, ndipo likulu la chigawocho, lomwe lili m'mphepete mwa mtsinje wa Zambezi, ndi kumene mmisiri wa zojambulajambula wa ku Mangalande, Thomas Baines, anakhala m'zaka za 1858 ndi 1859. Baines anali wojambula malo, kutanthauza mmisiri amene ntchito yake yaikulu ndi kuika pansalu kapena papepala maonekedwe a mapiri, mitsinje, mitengo ndi midzi pogwiritsa ntchito pensulo ndi utoto. Boma la Britain linamulemba ntchito kuti atsagane ndi David Livingstone pa ulendo wofufuza Zambezi ndi mitsinje yothira m'menemo, ulendo womwewo umene unafika pa nyanja ya Chilwa ndi nyanja ya Malawi m'chaka cha 1859. Koma pamene anzake ankaima m'mbali mwa nyanja ziwirizo, Baines anali atasiyidwa ku Tete, akuvutika ndi malungo komanso akuimbidwa mlandu wakuba, kotero nyanjazo ndi midzi yozizungulira sizinajambulidwe ndi munthu yekhayo pagululo amene anaiphunziradi ntchitoyi.

Baines anabadwa pa 27 Novembala 1820 m'tawuni ya King's Lynn, yomwe ndi doko la chigawo cha Norfolk, ndipo bambo ake anali woyendetsa zombo za panyanja. Sanapite ku sukulu zapamwamba za zojambulajambula za ku London. Ali mnyamata anamupereka kwa mmisiri wokhoma ngolo zokokedwa ndi akavalo kuti aphunzire kuzipaka utoto ndi kuzilemba zizindikiro za eni ake, ntchito yosasiyana kwenikweni ndi ya anyamata amene amalemba mayina pamakoma a magolosale pa Nsaru kapena pa Kabudula. M'chaka cha 1842 anakwera chombo kupita ku Cape Town, kumene anayamba ndi ntchito yomweyo ya ngolo asanayambe kudya za zithunzi zake. Pa nkhondo ya pakati pa Angelezi ndi Axhosa, imene inabuka mu 1850 ndi kutha mu 1853, iye anayenda ndi asilikali a Britain ngati wojambula wawo, ndipo kuyambira 1855 mpaka 1857 anali pa ulendo wa Augustus Gregory wofufuza kumpoto kwa Australia, kumene anagwira ntchito ziwiri, yojambula ndi yosunga katundu, mwaluso ndithu moti mtsinje wina ndi phiri lina za kumeneko zinatchedwa dzina lake. Mbiri yabwinoyi ndiyo inamupezera malo pa ulendo wa Zambezi, ndipo anamupatsanso ntchito ziwiri zomwezo.

Kuti kufunika kwa munthu wotere kumveke, ndi bwino kukumbukira kuti kamera inali isanakhwime nthawi imeneyo. Chithunzi chimodzi chinkafuna mabokosi olemera, mankhwala osachedwa kuwonongeka ndi kutentha, ndiponso kuti chojambulidwacho chikhale chosagwedezeka, komanso sichinkaonetsa mitundu. Wojambula pamanja ndiye anali maso a anthu otsala kwawo. Kathengo ankayamba ndi chithunzi chofulumira cha pensulo, n'kupakamo utoto wosungunula ndi madzi, umene umauma msanga ndipo ndi wopepuka kunyamula, ndipo akapeza malo okhazikika ankachijambulanso pansalu yolimba ndi utoto wa mafuta, womwe umatenga masiku kuti uume koma umakhalitsa zaka zambiri. Chithunzicho chikafika ku London, amisiri ena ankachizokota pathabwa kapena pachitsulo, kapenanso kuchilemba pamwala wosalala ndi choko cha mafuta, njira yotchedwa lithography, kuti chisindikizidwe kambirimbiri m'mabuku ndi m'nyuzipepala. Choncho chimene mmisiri mmodzi anaona, ndiponso chimene anasankha kusiya, ndicho chinkasanduka Africa m'maganizo a anthu zikwizikwi a ku Ulaya.

Gulu la Livingstone linanyamuka ku Liverpool pa 10 Malichi 1858 pa chombo chotchedwa Pearl ndipo linafika kumathiriro a Zambezi m'mwezi wa Meyi. M'gululo munali Charles Livingstone, mng'ono wake wa mtsogoleriyo, John Kirk, yemwe anali dokotala ndi katswiri wa zomera, Richard Thornton wofufuza miyala, George Rae woyang'anira injini, ndi Norman Bedingfeld wa asilikali a pamadzi, amene anakangana ndi Livingstone n'kuchoka chaka chomwecho chisanathe. Anali ndi sitima yaing'ono yoyendera nthunzi, Ma Robert, imene inkadya nkhuni zochuluka koma n'kumayenda pang'onopang'ono ndi kutitimira pamchenga kawirikawiri. Likulu lawo analiika ku Tete, kumene mkulu wa asilikali a Chipwitikizi, Tito Sicard, anawalandira ndi kuwapatsa nyumba.

Zithunzi zimene Baines anajambula m'miyezi imeneyi ndi umboni wamtengo wapatali wa chigwa cha Zambezi cha nthawiyo. Anajambula tawuni ya Tete monga imaonekera munthu akaima kutsidya la kumpoto kwa mtsinje. Anajambula anthu akupanga shuga kuchokera ku nzimbe ndi kuumba miphika yosungiramo, anajambula amuna akukumba malasha pafupi ndi Tete, ndiponso anajambula nkhope za anthu wamba n'kulemba mayina awo, monga Conde wa ku Tete ndi Shibante, wopalasa bwato wa ku Mazaro, chinthu chimene apaulendo ambiri a ku Ulaya sankalabadira. Chithunzi cha malasha chija chili ndi tanthauzo lina kwa Mmalawi wa lero, pakuti malasha a chigwa chomwecho, a ku Moatize, ndi amene amadutsa pa njanji kumwera kwa Malawi, kudzera pa Nkaya ndi Liwonde, popita ku doko la Nacala. Palinso chithunzi chake cha njovu ili m'madzi osaya a mtsinje wa Shire, anthu a pa sitima akuiwombera.

Zofunika kuposa zonse ndi zithunzi za mathithi a Kebrabasa, malo amene lero amadziwika kuti Cahora Bassa. Livingstone anali atalonjeza anthu a ku Britain kuti Zambezi ndi msewu wamadzi wolowera pakati pa Africa, koma pobwerera kuchokera kumadzulo mu 1856 anali atalambalala chigawo chimenechi osachiona. Atapitako kumapeto kwa 1858 anapeza mtsinje wopanikizika pakati pa matanthwe, madzi akugwa ndi kuzungulira moti palibe sitima ikanadutsa, ndipo kumayambiriro kwa 1859 Baines ndi Charles Livingstone anatumidwanso kukaona ngati madzi a dzinja amakwirira matanthwewo. Zimene Baines anajambula zinaonetsa poyera kuti lonjezo lija linali lopanda maziko. Kulephera kumeneku ndiko kunakhotetsera ulendowo ku Shire, ndipo ndiko chiyambi cha ubale wa Britain ndi dziko limene lero ndi Malawi. Popeza damu la Cahora Bassa, lomwe linamalizidwa mu 1974, linamiza mbali yaikulu ya mathithiwo, zithunzi za Baines zikusunga malo amene maso a munthu sangawaonenso.

Mlandu umene unamuchotsetsa ntchito unali waung'ono ndi wosamveka bwino. Baines ankadwala malungo pafupipafupi, nthawi zina mpaka kubwebweta, ndipo pamene anali chigonere katundu wa m'nyumba yosungiramo sankawerengedwa mwadongosolo. Charles Livingstone, munthu amene ngakhale anzake a paulendowo ankamudandaula, anauza mkulu wake kuti shuga ndi zinthu zina zikusowa, kuti Baines amacheza kwambiri ndi Apwitikizi, ndiponso kuti amawajambula nkhope pogwiritsa ntchito nthawi ndi zipangizo za boma. Livingstone, yemwe mtima wake unali utawawa kale ndi nkhani ya Kebrabasa, anakhulupirira mng'ono wake. Thornton anachotsedwa pakati pa 1859 pomunena kuti ndi waulesi, ndipo Baines anatsatira. Kirk ndi Rae anatumidwa ku Tete kukafufuza m'mabokosi ake, ndipo sanapezemo kanthu kooneka kotsimikizira umbava. Baines anapempha kuti mlandu wake uzengedwe pabwalo loyenera, koma sanamumvere, ndipo kumapeto kwa chakacho anamukweza chombo cha ku Cape Town. Olemba mbiri ambiri, kuphatikizapo J. P. R. Wallis amene analemba buku la moyo wake mu 1941, amaona kuti munthuyu analakwiridwa, ndipo n'kovuta kuwatsutsa, chifukwa kusalemba bwino kaundula wa katundu uli pamphasa ndi malungo si kuba.

Zotsatira zake zikuoneka pa zimene zinatsala za mbali ya Malawi. Pamene Livingstone ndi Kirk ankafika pa Chilwa mu Epulo 1859, ndiponso pamene gululo linkafika pa nyanja ya Malawi mu Seputembala, panalibe mmisiri woti aike pansalu mapiri a Zomba ndi Mulanje, minda ya thonje ya Amang'anja kapena magulu a akapolo omangidwa m'magoli. Kirk ankajambulako ndithu ndipo anali ndi luso la kamera, koma ntchito yake yeniyeni inali ya zomera ndi odwala. Buku la ulendowo, Narrative of an Expedition to the Zambesi and its Tributaries, limene abale awiriwo anatulutsa mu 1865, linagwiritsa ntchito zina mwa zojambula za Baines popanda kumupatsa ulemu womuyenera. Ndipo pamene Livingstone ankadutsa m'dera la Lilongwe mu Okotobala ndi Novembala 1866, m'mphepete mwa Dzalanyama kulowera kumagwero a mtsinje wa Bua, analibe Mzungu mnzake ngakhale mmodzi, moti ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi midzi yokhala mwamantha poopa nkhondo za Angoni, zimene anaziona m'njiramo, zinatsala m'mawu a m'kabuku kake basi. Izi sizikutanthauza kuti dzikoli linalibe ojambula ake. M'mapanga a Chongoni ku Dedza, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, muli zithunzi zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, koma izo zinkanena za chinamwali, mvula ndi zilombo za Nyau, pakuti eni dziko analibe chifukwa chojambulira phiri limene ankaliona tsiku ndi tsiku.

Mfundo imeneyi ikuunikira mbali ina ya ntchito ya Baines imene siyenera kubisika chifukwa chomumvera chisoni. Chithunzi cha malo chinkajambulidwira munthu wakutali, ndipo munthu wakutaliyo nthawi zambiri ankafuna kudziwa ngati dzikolo lili ndi malasha, golide, minyanga ndi njira yolowera. Baines anali ndi diso loona bwino ndipo ankalemekeza zimene waona kuposa amisiri ambiri a m'nthawi yake, koma anali atayendapo ndi asilikali olanda dziko la Axhosa, ankakonda zithunzi za ulenje, ndipo zaka zake zomaliza anazithera pa kusaka migodi.

Atachoka ku Zambezi anayesetsa kubwererako kuti ayeretse dzina lake. Mu 1861 ananyamuka ku Walvis Bay ndi wamalonda James Chapman, ali ndi cholinga chokhoma mabwato ndi kutsika Zambezi mpaka kunyanja yamchere. M'njira anajambula milambe ya ku Nxai Pan m'dziko limene lero ndi Botswana, imene mpaka pano imatchedwa dzina lake, ndipo mu Julaye 1862 anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene Livingstone anawatcha Victoria Falls. Za mabwato zinakanika chifukwa cha malungo ndi njala, koma zithunzi za mathithiwo zinasindikizidwa ku London mu 1865, patatha chaka chimodzi chitulukireni buku lake la Explorations in South-West Africa, ndipo ndi zimene zinamutchukitsa kwambiri. Kuyambira 1869 anatsogolera ulendo wa kampani yosaka golide m'dziko la Amatebele ndi Amashona, ndipo mfumu ya Amatebele, Lobengula, inamupatsa chilolezo chokumba, koma kampaniyo inalibe ndalama ndipo Baines sanapindule kanthu.

Livingstone anamwalira mu 1873 kwa Chitambo asanabweze mawu ake. Baines anamwalira ndi kamwazi ku Durban pa 8 Meyi 1875, ali ndi zaka 54, wosauka, akukonzekera ulendo wina wa ku migodi, ndipo anaikidwa m'manda a West Street mumzindawo. Buku lake lomaliza, The Gold Regions of South Eastern Africa, linatuluka mu 1877. Zithunzi zake zambiri za Tete ndi Kebrabasa zikusungidwa ku Royal Geographical Society ku London, zina zili ku Kew ndi kwawo ku King's Lynn, ndipo zinanso zili ku National Archives of Zimbabwe ku Harare ndi m'nyumba zosungira mbiri za ku Johannesburg.