Manyazi amene aletsa mwamuna kubwera ku cipatala

M'makomboni mwathu mnyamata amakula akumva kuti mwamuna salira, mwamuna akwatire ndi kubala ana. Akacedwa kukwatira, azakhali amayamba kufunsa. Tsono pali amuna ena amene mtima wao umakonda amuna anzao. Iwowa amamva kutukwanidwa ku mowa, ku mpira, ngakhale pa nsima kunyumba, ndipo amangoseka nao kuti asadziwike.

Mau omva kuyambira paubwana amakhazikika. Munthu amafika podzida yekha, nadziona ngati si mwamuna weni-weni. Ku cipatala amabwera ndi mutu wosatha, kusowa tulo, mtima kugunda. Ena amathawira ku kacasu. Ena amaganiza zodzipha.

Bungwe la zaumoyo la WHO linacotsa kukonda amuna anzako pa mndandanda wa matenda a maganizo mu 1990. Palibe jekeseni kapena mankhwala a sing'anga amene amasintha zimenezi. Cimene timaciza ife ndi nkhawa ndi cisoni cobwera cifukwa ca kubisa.

Mantha ao ali ndi cifukwa. Lamulo la Zambia limaletsa amuna kugonana okha-okha, ndipo mu 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anagamulidwa zaka 15, ngakhale anakhululukidwa mu 2020. Koma cipatala si khoti. Nchito yathu ndi kuciza ndi kusunga cinsinsi, ndipo wanchito wa zaumoyo amene aseka wodwala walakwira nchito yake.

Kubisa kumavulaza thupi. Cinzonono cimakhala kumatako kapena kukhosi popanda cizindikiro, ndipo wodwala akapanda kunena, ife timapima malo olakwika. Kalombo ka HIV kamalowa mosavuta pogonana kumatako popanda kondomu. Gwiritsani nchito kondomu ndi mafuta amadzi-madzi opangidwira zimenezi. Vaseline imaononga kondomu. Kuli mankhwala a PrEP oteteza amene alibe kalomboka, ndi ma ARV aulere m'zipatala za boma. Kumbukiraninso kuti ena anakwatira pofuna kutseka anthu pakamwa, ndipo matenda osacizidwa amafika kwa mkazi amene sadziwa kanthu.

Inu makolo, kumenya mwana kapena kumukakamiza ukwati sikumusintha, kumangomuphunzitsa kubisa. Akayamba kudzipatula, kumwa kwambiri, kapena kukamba za imfa, musafunse zambiri. Bwerani naye ku kiliniki tsiku lomwelo.