Gasiketi ya hedi si guluu

Munthu akabwera ndi njinga yamoto yakale ikuchucha oyilo pakati pa hedi ndi silinda, mawu ake amakhala amodzimodzi: gasiketi yapsa, ndiikireni ina. Kuika ndimaika ndithu, koma ndisanatsegule paketi ndimayamba ndafufuza chimene chapha yakaleyo. Pa injini za ku Britain za m'ma 1950 ndi 1960, ma Triumph, ma BSA ndi ma Norton, gasiketi siifa yokha kawirikawiri. Imaphedwa ndi hedi yopindika, bawuti yotamuka kapena makaniko amene anamanga ali pa liwiro.

Ndipo nthawi zina imakhala ili bwinobwino. Oyilo amatsikira pansi, ndiye akadontha pa chivundikiro cha mavalavu amayenderera m'zipsepse za hedi n'kukaima pomwe pali gasiketi. Tsukani injini ndi parafini, iume, muwaze paudala wa ana kuzungulira hedi yonse, kenako muyendetse njingayo pang'ono. Paudala amadetsedwa poyamba pamene oyilo akutulukira. Gasiketi yopsa zenizeni imadzionetsa mwina: pamamveka kaphokoso ka tsi-tsi-tsi mukakoka moto, pamphepete pamakhala mwaye wakuda, ndipo kikisitati imapepuka kuphazi.

Ntchito ya gasiketi ndi yochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Hedi ndi silinda, ngakhale zipalidwe bwanji pa makina, zimatsala ndi timizere ndi timaenje tosaoneka ndi maso. Petulo akaphulika mkati, mpweya wamoto umafuna potulukira, ndipo timizere timeneti ndiye njira yake. Gasiketi imangofinyika n'kudzaza timaenjeto. Mphamvu yotseka ili m'mabawuti. Kuvuta kwake n'kwakuti injini zambiri za nthawi imeneyo zili ndi hedi ya aluminiyamu pamwamba pa silinda ya chitsulo cha kasiti, ndipo aluminiyamu ikatentha imafutukuka pafupifupi kawiri kuposa kasiti. Madzi oziziritsa mulibe, ndi mphepo yokha. Ulendo uliwonse hedi imakwekwesa gasiketi pofutukuka, n'kukwekwesanso pozizira.

A Triumph eni ake ankalidziwa vutoli. Bonneville yoyamba ya 1959 inali ndi mabawuti 8 pa hedi. Mu 1963 anawonjezera yachisanu ndi chinayi pakati pa masilinda ake awiri, ndipo atakulitsa injini kufika 750cc pa T140 mu 1973 mabawuti anakwana 10. Mankhwala awo anali kuwonjezera pogwira. Vincent ya ku Stevenage, imene inapanga Black Shadow mu 1948, inalibe n'komwe gasiketi pa hedi: ankapera hedi ndi mlomo wa silinda pamodzi ndi phala lopelera mavalavu mpaka zitsulo ziwirizo zitagwirana zokha.

Nanga tigule iti? Pali ya mkuwa wokhawokha, pali yosanjikiza yokhala ndi mphete yachitsulo kuzungulira bowo la pisitoni, ndipo masiku ano kuli ya timapepala tachitsulo topyapyala ngati ya m'galimoto zatsopano. Yachitatuyi ndi yolimba, koma imafuna pamalo posalala kwambiri, pamene hedi ya zaka 60 yodzaza ndi zipsera singapereke popanda kuipala. Yosanjikiza imatseka oyilo bwino, n'chifukwa chake eni Norton Commando ambiri amaikonda, pakuti pa injini imeneyi oyilo amadutsa m'mabowo a mapushirodi pafupi kwambiri ndi moto. Koma imaphwa msanga ikangotentha, ndipo ikaphulika imaphulika kamodzi, inu n'kuyamba kukankha njinga. Ya mkuwa imayamba ndi kuchita thukuta la oyilo, kukuchenjezani, ndipo mumafika nayo kunyumba. Ine pa njinga yoyenda kutali ndi kogula zipangizo ndimasankha mkuwa, makamakanso chifukwa umabwerezedwa.

Chinsinsi cha mkuwa chili pa kuwotcha. Mkuwa ukamenyedwa kapena kufinyidwa umauma, ndipo wouma sulowa m'timaenje tija. Ngakhale gasiketi yatsopano ya m'paketi ikhoza kukhala youma chifukwa inadulidwa ndi makina opondereza. Ipachikeni pa waya, muitenthe ndi moto wa gasi mozungulira mpaka malo onse afiire ngati khala lomwe latsala pang'ono kuzima. Mbaula ya makala okolera bwino imathanso. Chitirani pamthunzi, chifukwa padzuwa kufiirako sikuoneka ndipo mudzapitiriza mpaka timalo topyapyala ta pakati pa mabowo titasungunuka. Mkuwa umasungunuka pa madigiri 1,085, ndipo lawi la owotcherera zitsulo limapyola pamenepo kutali. Ikafiira iponyeni m'madzi. Apa amakaniko ena amakangana nane, amati madzi aumitsa. Zimenezo n'za chitsulo cha sitilo. Mkuwa umafewa chimodzimodzi kaya wazizira m'madzi kaya pamphepo, madzi amangothandiza kusuwula makoko akuda. Ikwecheni iwale, muchotse timinga ta m'mphepete mwa mabowo. Yofewa bwino imapindika ndi zala ziwiri, ndipo mukaigogoda siilira ngati belu, imangoti phu.

Gasiketi ili pambali, tsopano hedi. Pezani galasi lochindikala, muyalepo sandipepa wosalala wonyowetsa, mupake inki ya maka pansi ponse pa hedi, kenako muikhuze pagalasipo mozungulira ngati mukulemba nambala 8. Mukaitembenuza muona: pamene inki yachoka ndi pokwera, pamene yatsala ndi pa dzenje. Kawirikawiri inki imatsala pa kamlatho ka pakati pa masilinda, ndipo pomwepo ndi pamene gasiketi yakale inapsera. Pa silinda yang'anani m'mbali mwa mabowo a mabawuti, chitsulo chimatukumuka pang'ono chifukwa chokokedwa kwa zaka zambiri. Kamtunda kameneko kamaimika hedi m'malere.

Kupala kuli ndi malire. Hedi ikapalidwa chipinda chophulikira petulo chimachepa, kompuleshoni imakwera, injini imayamba kugogoda pokwera mtunda, ndipo kugogoda kumeneko ndiko kumaboola pisitoni. N'chifukwa chake magasiketi a mkuwa amapezeka ochindikala mosiyanasiyana. Hedi imene inapalidwa kangapo imafuna yochindikala kuti ibweze zimene zinachoka. Yezani yakale ndi yatsopano musanamange.

Pa Triumph pali msampha wina. Mapushirodi amadutsa m'mapaipi awiri, kutsogolo ndi kumbuyo kwa silinda, ndipo mapaipiwa ali ndi timalabala kumwamba ndi kunsi. Timalabala tikachindikala kwambiri, hedi imakhalira pa mapaipi m'malo mokhalira pa gasiketi, ndipo mukamanga mabawuti mumaipinda nokha. Ikani hedi osamanga, muyeze mpata wotsala pakati pa hedi ndi gasiketi. Uzikhala wochepera pang'ono milimita imodzi. Ukaposa, sinthani timalabala.

Za silikoni sindichedwapo. Malo ake si amenewa. Moto umamudya, ndipo wotsala amafinyikira mkati n'kukatseka timabowo ta oyilo. Ngati mukufuna kupaka kanthu pa gasiketi ya mkuwa, utoto wopopera wa mkuwa, kopyapyala, ndi wokwanira.

Pomanga yambirani pakati kupita kunja, mopingasa, katatu kapena kanayi mukuwonjezera mphamvu pang'onopang'ono, ndipo pomaliza gwiritsani sipanala yoyeza mphamvu. Kulimba kwa dzanja si muyeso. Buku la Triumph 650 limapereka mapaundi-futi 18 pa mabawuti akuluakulu a hedi, pamene la Commando limapereka 30 pa mabawuti onenepa chimodzimodzi. Womanga Triumph ndi nambala ya Norton amapinda hedi kapena kuzula mathiredi. Mabowo osatulukira kunsi apukuteni, chifukwa oyilo kapena zinyalala zikatsalamo bawuti imalimba isanagwire hedi. Ndiponso mitu ya mabawuti a njinga zambiri za nthawi imeneyo ndi ya muyeso wa Whitworth; sipanala ya mamilimita imaoneka ngati yalowa, kenako imabulungiza mutu.

Ntchito siithera tsiku lomanga. Injini ikatentha koyamba n'kuzizira usiku wonse, gasiketi imakhala itaphwa pang'ono ndipo mabawuti amakhwefuka. Bwerezani kumanga injini ili yozizira, mubwerezenso mukayenda makilomita mazana angapo. Nthawi iliyonse yezaninso mpata wa mavalavu, chifukwa hedi ikatsika mpatawo umachepa. Zomwezi n'zoona pa njinga za kabaza zotengera injini ya Honda CG125 ya 1975, imenenso ili ndi mapushirodi ndipo imazizira ndi mphepo.

Mukapeza gasiketi yosanjikiza yakalekale, kaya ili pa injini kaya ikadali m'paketi yake, muione ngati ili ndi asibesitosi, amene ku Britain analetsedwa kotheratu mu 1999 chifukwa fumbi lake limawononga mapapo. Musaikweche youma ndi bulashi ya waya, ndipo musaiuzire ndi kompuresa. Inyowetseni ndi oyilo, muipale pang'onopang'ono, zotsalazo mumange m'jumbo.