Duku loyera la agogo

Agogo anga akuchikazi sankadziwa chaka chimene anabadwa. Ukawafunsa ankangoti, "Njala ya 1949 inandipeza ndili ndi mwana kumbuyo." Mwana ameneyo ndi amalume athu aakulu, eni mbumba, amene lero nawonso akuyendera ndodo. Tikawerengera kuchokera pamenepo, agogo anatisiya atapitirira zaka 90. Anatsikira kuli chete m'nyumba mwawo momwemo, kumudzi kwathu ku Chiradzulu, m'bandakucha wa Lachiwiri, mvula yoyamba itangogwa kumene.

Za kayendedwe ka maliro a mkhristu wa CCAP sindichulukitsa gaga m'diwa, wakwathu aliyense akudziwa. Uthenga kwa amfumu ndi kwa akulu a mpingo, masamba pamsewu, abambo panja pamoto, amayi m'nyumba ya siwa, nyimbo usiku wonse, adzukulu kulawirira kumanda, kuona nkhope, ulaliki, nkhata, mawa lake kusesa. Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi kanthawi kamodzi kosakwana ola, kamene sikalembedwa pa pulogalamu, kamene kumaliro ambiri masiku ano kakungolumphidwa: pamene amayi a Mvano amatseka chitseko n'kumuveka mnzawo yunifomu komaliza.

Agogo anavekedwa ya Mvano ana awo akadali ang'onoang'ono, amuna awo ali ku Joni. Amunawo ankapita ndi kubwera pa Wenela mpaka 1974, chaka chimene ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa ku Francistown, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Zaka zonsezo munda, msonkho wa sukulu ndi matenda a ana zinali pamutu pa agogo. Anabereka ana asanu ndi anayi, anayi anawaika m'manda okha. Koma Lachinayi likafika, kaya kuli kupalira kaya kuli kukolola, khasu linkapuma masana. Ankasamba, n'kusita bulauzi yoyera ndi simbi ya makala, kuvala siketi yakuda, kumanga duku loyera, Buku Lopatulika ndi la Nyimbo za Mulungu m'kachikwama, ulendo wa kutchalitchi. Pobwerako sankafikira kunyumba. Ankadzera kwa wodwala ndi kambale ka ufa, kapena kwa nkhalamba ina kukatunga madzi ndi kuzira pansi.

Ndipo ankasambitsa maliro. M'zaka za m'ma 1990, Edzi itavuta, pamene mudzi wathu unkaika anthu awiri kapena atatu sabata imodzi ndipo abale enieni ankaopa kukhudza thupi, agogo ndi anzawo ankavala majumbo a shuga m'manja n'kulowa m'nyumbamo. Awiri mwa ana awo omwe anapita nthawi imeneyo. Ine ndinali mtsikana, ntchito yanga inali kutenthetsa madzi n'kukasiya pakhomo. Sindinamvepo akudandaula kuti atopa nazo.

Tsopano tsiku lawo litafika, ife ana ndi adzukulu awo tinachita zimene mabanja ambiri akuchita. Wina anali ku Johannesburg, ena ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, choncho thupi linapita ku mochale ku Blantyre kuti lidikire maliro a Loweruka. Tinatsegula gulu pa WhatsApp, tinasonkherana, tinagula bokosi labwino, tinabwereka matenti ndi mipando, tinasankha nsalu yofanana ya banja. Tinagulanso diresi lalesi lamtengo wapatali ku Limbe, n'kukapereka ku mochale kuti awaveke. Ndalama yanga inalipo pa diresilo. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anafunsa kumudzi ngati agogo anasiya mawu.

Galimoto inafika Lachisanu madzulo. Amayi a Mvano anali atandanda kale mizere iwiri kuyambira pamsewu mpaka pakhomo, oyera mbee kumtunda, akuimba motsitsa. Bokosi litalowa m'nyumba n'kutsegulidwa, wapampando wa Mvano anasuzumira, anakhala chete, kenako anatuluka kukagwada pamaso pa amalume. "Bambo, pepani. Mayi athuwa sangapite chonchi. Tipatseni kanthawi." Amalume anayang'ana ife, ife tinayang'ana pansi. Anati, "Amayi, chitani monga mwa mwambo wanu. Anali anu awa."

Abambo onse anatulutsidwa, achinyamata a mafoni nawonso. Ine anandisiya chifukwa ndine mdzukulu wamkulu wamkazi, ndipo ankafuna woti akoke sutikesi yachitsulo imene inali pansi pa bedi. Kiyi anali pachingwe m'khosi mwa azakhali. Pansi penipeni, m'pepala la pulasitiki, munali bulauzi, siketi ndi duku, zosita bwino, zonunkhira mankhwala othamangitsa njenjete. Sizinali zimene ankavala Lachinayi lililonse, zija zinali zitayezuka kale. Izi anasoketsa padera zaka zambiri zapitazo n'kuuza anzawo a Mvano kumene anaziika. Ife eni ake sitinkadziwa.

Anabweretsa madzi ofunda m'beseni. Kusambitsa kwenikweni kunali kutachitika kale ku tauni ndi anthu osawadziwa, choncho anangowapukuta kumaso, m'khosi ndi m'manja ndi kansalu. Kuvula diresi ndi kuveka bulauzi thupi limene lakhala masiku anayi mozizira si ntchito yapafupi. Anagwira anayi, pang'onopang'ono, ena akuimba chapansipansi kuti akunja asamve phokoso lililonse. Panalibe wolira mokweza. Mabatani anamangidwa onse mpaka la pakhosi, monga ankachitira eni ake.

Duku analisiyira mayi wina wokalamba kwambiri, mnzawo wa agogo kuyambira ku kalasi, amene anachita kumugwira mkono kuti afike pabokosi. Manja ake ankanjenjemera. Analipinda dukulo pabondo, anawerama, n'kuyankhula ngati akuyankhula ndi munthu wamoyo: "Achemwali, dzutsani mutu pang'ono tikumangeni. Mukafike mooneka bwino." Wina anatukula mutu wa agogo. Mayiyo anamanga, anaona kuti lapendekeka, anamasula, anamanganso. Analowetsa imvi zimene zinkatulukira pakhutu, n'kusalaza pamphumi ndi chikhatho. Atatha anati, "Eya, ndi iwowa tsopano." Pamenepo ndi pamene ndinalira. Masiku onse aja ndinkangothamanga ndi mndandanda wa zogula, koma nkhope imene inali m'bokosimo tsopano inali ya agogo anga, amene ndinkawaona akutsika kanjira ka kutchalitchi dzuwa likupendeka.

Anthu ena amayesa yunifomu ya Mvano ndi chovala wamba choti aliyense angathe kusoketsa kwa telala. Ayi. Mayi amayamba waphunzira, amalonjeza pamaso pa mpingo, ndipo amachita kuvekedwa. Akalakwa n'kuikidwa pa mwambo wa mpingo, amaleka kuivala mpaka atabwezeredwa. Choncho mayi akagona m'bokosi ali m'yunifomu, anzake akuchitira umboni kuti anasunga lonjezo lake mpaka kumapeto. Kwa agogo zinali zaka zoposa 60. Abale athu a sinodi ya Nkhoma ali ndi Chigwirizano, chimene chinayamba mu 1940, a Livingstonia ali ndi Umanyano, ndipo nawonso amadziwa kulemera kwa duku loyera. Uthenga unafika ku Blantyre ndi amishoni a ku Scotland mu 1876, koma amene anaulowetsa m'makhitchini ndi m'nyumba za siwa za m'midzi yathu ndi amayi awa. Agogo ankakonda nkhani ya Dorika wa ku Yopa, pa Machitidwe mutu 9, ndipo ankatikumbutsa kuti atamwalira anayamba amusambitsa, kenako amasiye anaonetsa Petro zovala zimene ankawasokera. Ankati maliro a mkazi wa Mulungu amadziwika ndi anthu amene aima pafupi ndi thupi.

Ndikudziwa zimene amanenedwa amayi a Mvano. Amati ndi amiseche, amati amatsata nsima ya pamaliro, ndipo m'masewero a pa wailesi ndi pa Facebook mayi wa duku loyera ndiye wosekedwa nthawi zonse. Sindikana kuti pagulu pamakhala ena olongolola, monga zilili paliponse pamene pasonkhana anthu. Koma wosekayo adzafunse kuti usiku umene mayi ake anamwalira, ndani anagona pa simenti yozizira pambali pa thupi mpaka kucha. Ndani anabwera ndi nkhuni pamutu, ndani anasonkha ufa pambale pambale, ndani anabwereranso patatha sabata alendo onse atabalalika. Nsima imene amadya pamaliro nthawi zambiri ufa wake ndi wawo womwe. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo m'midzi yambiri amene atsala akulirira anzawo ndi manja awo ndi amayi amenewa.

Loweruka linandipweteka mwa njira ina. Mwambo unayamba mochedwa chifukwa tinkadikira olemekezeka ena. Anayankhula oimira banja la kuchimuna, la kuchikazi, amfumu, a kuntchito kwa mwana uyu, a kuntchito kwa mdzukulu uyo, kenako wandale wina amene sanawaonepo agogo ali moyo, koma anatenga pafupifupi theka la ola kufotokoza za chitukuko ndi kulengeza chipepeso chake. Mbiri ya malemu inawerengedwa, koma inali mbiri ya ife: mwana wakuti ndi mphunzitsi wamkulu, mdzukulu wakuti ali kunja, zidzukulutudzi zilipo zakuti. Za odwala amene anawasamalira, za ana amasiye atatu amene anawalera osakhala a magazi awo, za maliro osawerengeka amene anasambitsa, panalibe liwu. Itafika nthawi ya amayi a Mvano, woyendetsa mwambo anati nthawi yatha, aimbe nyimbo imodzi yokha, ndime ziwiri. Amayi amene anachezera usiku wonse anapatsidwa mphindi zitatu. Wojambula kanema anawauzanso kuti asunthe pang'ono chifukwa akutchinga maluwa.

Sindikunena kuti tisiye mochale. Ana athu ali kutali, ndipo palibe amene angafune kuti mayi ake aikidwe iye ali m'basi pa Mwanza. Matenti nawonso ndi abwino, mvula ya Novembala siichenjeza. Koma kodi n'chovuta chiyani kuti banja lisanathamangire ku sitolo liyambe lafunsa wapampando wa Mvano? N'chovuta chiyani kutenga amayi awiri kapena atatu pagalimoto yopita ku mochale kuti akamuveke mnzawo komweko? M'mipingo ina ya m'tauni akuchita zimenezi, ndipo palibe chimene chimaonongeka. Kwina ndaona yunifomu itangoyalidwa pamwamba pa bokosi ngati nsalu ya patebulo, mwini wake mkatimo atavala za ku sitolo, ndipo pofika kumanda wina amaichotsa n'kuipinda. Kuyala pamwamba kuli ndi malo ake, koma kumeneko n'kuonetsa anthu. Kuveka kumachitika chitseko chili chotseka, popanda woonera, ndipo n'chifukwa chake kukutha msanga: sikulowa mu kanema.

Ndimaopanso za mawa. Atsikana ambiri amene akuvekedwa lero ndi apantchito, Lachinayi masana ali mu ofesi, ndipo ena sanakhudzepo thupi la munthu womwalira. Si mlandu wawo. Koma zinthu izi siziphunziridwa m'buku. Agogo anaziphunzira ataima kumbuyo kwa amayi akuluakulu, atanyamula beseni, monga ndinaimira ine tsiku lija.

Tsiku losesa, katundu wa agogo atatulutsidwa pamkeka kuti agawidwe, diresi lalesi lija linalinso pomwepo, lopindidwa bwino. Palibe amene analitambasulira dzanja. Zitenje zakale, ngakhale zong'ambika, anthu anachita kulimbirana. Buku Lopatulika, limene chikuto chake anachisoka ndi ulusi wakuda, linapita kwa azakhali. Ine ndinapempha simbi ya makala.

Madzulo ake ndinaperekeza mayi wokalamba uja kwawo, kutsidya kwa dambo. Tinayenda pang'onopang'ono, iye atandigwira paphewa. Tili pafupi kufika anaima kuti apume, n'kundiuza kuti a msinkhu wawo amene anavekedwa limodzi atha onse, watsala yekha. "Yangatu ndinasita kale, mdzukulu wanga," anatero. "Ili m'sutikesi. Kiyi ndinamuonetsa mpongozi wanga, koma ndikuuzanso iwe, poti ana anga ali ku tauni."