Makala Pansi, Makala Pamwamba

Chimene chinandiimitsa pakhonde la mayi wina ku Chilomoni ndi dzanja lake. Anali atatereka sefuliya yaikulu pambaula, m'kati atathiramo mchenga wa kumtsinje. Asanalowetse chitini cha keke anatambasula chikhatho pamwamba pa mchengawo, n'kukhala duu ngati akumvetsera kanthu. Kenako anapala makala angapo ndi supuni n'kuwayala pachivundikiro. Uvuni yamagetsi anali nayo m'nyumba, ya manambala ake, koma magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, ndipo keke inali ya mwana amene tsiku lake lobadwa linali lomwelo.

Agogo athu ankaphika chigumu chimodzimodzi: ufa wa mgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri, soda pang'ono, moto pansi ndi pamwamba. Koma chigumu sichisunga mangawa. Chikapserera m'mbali umangopala ndi mpeni, ana n'kudya. Keke ya oda ndi ina. Moto ukachuluka pansi imada, ukavundukula msanga imatitimira pakati, ndiye kuti mazira asanu ndi limodzi apita pachabe. Amene anali ataiwala mbaula anaikumbuka mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Atsikana amene anaphunzirira keke pa YouTube anayamba kufunsa amayi awo kuti moto wa pachivundikiro umayezedwa bwanji.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku ya amayi ophika makeke a oda ndi yodziwika: kusefa fulawa, kutakasa majarini ndi shuga mpaka mkono uwawe, kudikira kuti izizire, kupaka kirimu, kujambula chithunzi n'kuika pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ndalama imabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ikabwera.

Mukakhala nawo pansi amayi amenewa, za maphikidwe sachedwa nazo. Nkhani yawo ndi mitengo. Tirigu timalima wochepa kwambiri kuno, ndipo fulawa amene amagayidwa ku Blantyre ndi wa tirigu woitanitsa kunja, wogula ndi madola. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022 tirigu anakwera padziko lonse. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Wophika keke sawerenga zimenezi m'nyuzipepala, amaziona pa thumba la fulawa. Nanga shuga? Nzimbe zili mbwee ku Nchalo ndi ku Dwangwa, komabe mu 2024 anthu anafola mizere m'masitolo kufuna paketi imodzi. Tiyi mungamwe wopanda shuga mukunyinyirika, keke ayi.

Mayi wa mandasi ali ndi pothawira. Zinthu zikakwera amangochepetsa mandasiwo, mtengo n'kukhala womwewo, ndipo tonse timaona koma sitinena. Wa keke alibe mwayi umenewo, chifukwa chitini n'chomwecho ndipo kasitomala amachidziwa. Akachepetsa mazira keke imauma, mbiri n'kuipa mpingo wonse. Akakweza mtengo, uthenga umawerengedwa, timizere tiwiri n'kusanduka tabuluu, yankho osabwera.

Madandaulo awo amafanana ngati anapangana. Wina amakuuzani za makasitomala otumiza chithunzi cha pa intaneti, keke yosanjikiza katatu ya maluwa ngati enieni, n'kunena kuti akufuna ngati yomweyo koma ndalama ilipo yochepa, asisi mutiganizire. Wina amadandaula za abale, amene amaitanitsa keke ngati akupempha mchere, ndipo ukatchula mtengo amati wayamba kunyada. Wina analemba dzina la mwini keke ndi kirimu, zaka zake zomwe, mwiniyo n'kuzimitsa foni. Keke yolembedwa dzina la munthu ungamugulitse ndani? Anadya ana ake masiku atatu. N'chifukwa chake masiku ano ambiri sayatsa moto asanalandire dipoziti, ngakhale woitanitsayo akhale mlamu.

Palinso ulendo. Tsiku la anakubala, pa 15 Okotobala, ndi limodzi mwa masiku a maoda ambiri, koma limagwa m'mwezi wa dzuwa loswa mtengo. Mudzamuona mayi ali pampando wakutsogolo wa minibasi, bokosi lili pamiyendo, akulifungatira ngati khanda, maso ali pa maenje a mumsewu. Kirimu akayamba kusungunuka pa Ginnery Corner, palibe amene adzafunse za kutentha. Adzati wophikayo sadziwa ntchito.

Chimene chimandivutitsa mtima ndi mmene amawerengera. Ndinapempha mayi wa ku Chilomoni uja kuti andionetse kope lake. Munali fulawa, shuga, majarini, mazira, mkaka, makala, bokosi, thiransipoti. Maola ake munalibe. Usiku umene anakhala akupanga maluwa a shuga ndi zala, ana atagona, sunalembedwe paliponse. Ndalama yotsala pamwamba pa zogula amaitcha phindu, pamene kunena zoona ndi malipiro ake, ochepanso kuposa a waganyu. Ndipo phindulo likalowa m'nyumba limagula ndiwo ndi mayunitsi a magetsi, kenako mpamba umadyeka, mayi n'kukakongola ku banki m'khonde kuti agule fulawa wa oda yotsatira. Ena amapulumukira ku masikono ndi makapukeke, amene amayenda tsiku lililonse m'maofesi ndi m'mashopu, keke yaikulu n'kukhala ya apo ndi apo.

Ku ukwati ndiye kumandimvetsa chisoni. Keke imadulidwa, tizidutswa n'kukulungidwa, anthu n'kumagula akuvina pa perekaniperekani, ndipo nthawi zina ndalama imene tizidutswato timabweretsa imaposa imene wophika analandira. Wotsogolera mwambo amathokoza ankhoswe, akomiti, okongoletsa holo ndi woimba nyimbo. Wophika keke nthawi imeneyo ali kunyumba akutsuka zitini. Nanenso ndisadziyeretse: ndinanenererapo keke ya mwana wanga mpaka wophikayo anagonja, ine n'kumadzitama kuti ndimadziwa kugula.

Keke ya pambaula ija inatuluka bwino. Mayiyo anabaya pakati ndi mpeni, mpeni n'kutuluka woyera, iye n'kumwetulira koyamba tsikulo. Madzulo mayi wa mwana uja anabwera kudzatenga, anayamikira kwambiri, anajambula ndi foni yake, n'kupereka theka la ndalama. Yotsalayo anati kumapeto kwa mwezi.