AKONSULO A ANGEREZI NDI MALIRE ATHU

Aphunzitsi anzathu a sukulu za akulu, pophunzitsa mbiri ya dera lathu mudzakumana ndi funso ili, makamaka kwa ophunzira a ku Tsangano amene munda uli kuno koma cigayo cili ku Malawi: kodi malire amenewa anaika ndani? Yankho lacidule ndi lakuti Apwitikizi ndi Angerezi anapangana m'caka ca 1891. Koma amene analambula njira ya pangano limenelo anali anthu owerengeka a udindo wotchedwa konsulo. Tiyeni tione kuti konsulo anali ndani ndipo nchito yake inali yotani.

Poyamba tisiyanitse konsulo ndi kazembe. Kazembe amakhala ku likulu la dziko la eni, nalankhula ndi boma m'malo mwa mfumu kapena pulezidenti wa kwao. Masiku amenewo Mozambique ankalamulidwa ndi Portugal, motero kazembe wa Angerezi ankakhala ku Lisboa. Konsulo ndiye ankatumizidwa ku madoko ndi ku zigawo zakutali, kumene anthu a kwao ankacita malonda. Panali konsulo wamkulu woyang'anira cigawo conse, pansi pake akonsulo a m'matauni, kenaka aciwiri awo m'madoko ang'onoang'ono. Kawirikawiri waciwiriyu ankangokhala wamalonda wa pamalopo amene wapatsidwa mbendera ndi cidindo. Asanayambe nchito, konsulo ankayenera kulandira cilolezo ca eni dziko, kalata yotchedwa exequatur. Eni dziko akalanda kalatayo, udindo wathera pomwepo.

Nchito zake zambiri zinali za colembera ndi pepala. Ankalemba m'kaundula ana obadwa ndi anthu omwalira pakati pa anthu a mfumu ya Angerezi, kuphatikizapo Amwenye ocokera ku India. Ankaona makalata a sitima za pamadzi, kusunga katundu wa womwalira kufikira abale atapezeka, ndi kukaona munthu wa kwao akamangidwa. Caka ndi caka ankatumiza ku London lipoti la malonda: minyanga ya njovu, mphira, mtedza, msonkho wa padoko. Kuno kwathu anamuonjezera nchito ina, yolondola malonda a akapolo ndi kudziwitsa boma lake kumene akapolowo ankatulukira.

Taonani kuti pa zonsezi palibe kulamula. Konsulo ndi mlendo. Komabe mphamvu yake inkakula kapena kucepa malinga ndi mphamvu ya eni dziko. Citsanzo ndi dziko la Persia, limene lero ndi Iran. Kumeneko konsulo wamkulu wa Angerezi wa pa doko la Bushire anali ndi asilikali a ku India omulonda, ndipo milandu ya anthu a mfumu ya Angerezi inkazengedwa m'bwalo la konsulo, osati la eni dziko, kufikira m'caka ca 1928. Kuno mphamvu ya akonsulo inabwera mwa njira ina: ankayenda, kuona, ndi kulemba.

Woyamba amene tingamutchule ndi David Livingstone. Ambiri amamudziwa ngati mmishonale, koma pamene anabweranso ku Tete m'caka ca 1858 pa sitima yotchedwa Ma Robert, anali konsulo wa ku Quelimane ndi maiko a mkati. Cipewa cija ca mzere wagolide cimene timaciona pa zithunzi zake cinali ca udindo umenewu. Mkulu wa Apwitikizi ku Tete, Tito Sicard, anamulandira bwino; koma zimene Livingstone analemba za akapolo a m'Zambezi ndi m'Shire zinawawa boma la Portugal. Pambuyo pake akonsulo okhala pa cilumba ca Mozambique anatengera kayendedwe komweko. Frederic Elton anafika ku nyanja ya Nyasa namwalira pa ulendo wobwerera m'caka ca 1877. Henry O'Neill anayenda pansi kucokera ku gombe mpaka ku nyanja ya Cilwa, akujambula mapu. Mapu ndi malipoti amenewa ndiwo anakhala umboni wa Angerezi pokana kuti Apwitikizi sankalamula kumtunda.

M'caka ca 1883 Angerezi anacita cinthu cacilendo. Anatumiza konsulo, Captain Foot, osati kwa boma la Portugal, koma kwa mafumu a m'mbali mwa nyanja ya Nyasa. Pamenepo panalibe wopereka exequatur kapena womulanda. Foot anamwalira ku Blantyre caka cotsatira, ndipo wolowa m'malo mwake, Hawes, anakakhazikika ku Zomba. Hawes yemweyo m'caka ca 1886 anakwera kuno kumtunda kudzaonana ndi Inkosi Cikuse wa Angoni a Maseko, kudzakambirana za nkhondo zimene Angoni ankaponya kutsidya la Shire. Apa mpofunika kutsindika kwa ophunzira: Hawes anabwera kudzapempha, pakuti mwini dziko anali Cikuse, ndipo anthu ake anali mbali zonse ziwiri za kumene kuli malire lero.

Zinthu zinasintha msanga. M'caka ca 1889 Serpa Pinto anakwera Shire ndi asilikali a Apwitikizi. John Buchanan, mlimi wa khofi amene ankagwirizira udindo wa konsulo, analengeza kuti dziko la Amakololo lili m'manja mwa Angerezi, pamene Harry Johnston, konsulo wa ku Mozambique, ankazungulira kwa mafumu kusainitsa mapangano. Pa 11 Januwale 1890 boma la London linauza Portugal kuti acotse asilikali ake msanga, ndipo Portugal anagonja. Pangano la pa 11 Juni 1891 linati malire atsate msana wa mapiri: kumene madzi a mvula amatsikira ku Shire kapena ku nyanja ya Nyasa kukhale kwa Angerezi, kumene amatsikira ku Zambezi kukhale kwa Apwitikizi. N'cifukwa cake mseu wa Ntcheu kupita ku Dedza umayenda m'malire, ndipo pa Lizulu munthu akangooloka mseu walowa dziko lina. Palibe mfumu ya Angoni kapena ya Acewa imene inafunsidwa. Caka comweco Johnston anakhala bwanamkubwa, koma dzina lakuti konsulo wamkulu sanalitaye. Mlendo uja anali atasanduka mwini nyumba, ndipo m'caka ca 1896 asilikali a boma lake latsopanolo anapha Gomani, mwana wa Cikuse.

Ku Macanga nkhani yake njosiyana pang'ono. Pa pepala dzikolo linagwera kwa Portugal mu 1891, koma olamula enieni anali a banja la Pereira, ndipo Apwitikizi analigonjetsa ndi mfuti mu 1902, pamene Cinsinga anagwa.

Kunsi kwa Zambezi, pa Chinde, Angerezi anabwereka malo kwa zaka 99 oti azitsitsirapo katundu wa ku Nyasaland popanda msonkho wa Apwitikizi, naikapo waciwiri kwa konsulo. Zaka 99 sizinakwane: nyanja inakokolola gombe, namondwe wa mu 1922 anaononga tauniyo, ndipo njanji ya ku Beira inalanda malonda.

Lero nchito ya akonsulo inabwerera ku ciyambi cake, ndipo imatsata pangano la maiko la ku Vienna la m'caka ca 1963. Malawi ali ndi ofesi ya konsulo ku Tete, Mozambique ali nayo ku Blantyre. Ophunzira anu amene amapita kukagulitsa mbatata ya kacewere kapena kukagwira ganyu kunja adziwe ici: munthu akamangidwa m'dziko la eni, ali ndi ufulu wopempha kuti apolisi adziwitse konsulo wa kwao, ndipo konsuloyo amaloledwa kudzamuona m'ndende. Cimene adzayambe kufunsa ndi dzina, malo obadwira ndi nambala ya ciphaso. Ndi bwino kuti tsiku lina aliyense abwere ndi ciphaso cake m'kalasi, aphunzire kuwerenga ndi kulemba zitatu zimenezi yekha.